Hatchi ya mpikisano ili ndi dokotala, bulu wa ngolo ali ndi oyilo wakuda

Kukamacha muno mu Lilongwe, mabwana a ku Capital Hill asanalize n'komwe magalimoto awo, pamakhala pali antchito ena amene ayenda kale mtunda woti inu ndi ine titauyenda wapansi tikhoza kugona masiku awiri osadzuka. Antchito amenewa salandira alawansi, alibe bungwe lowayankhulira, ndipo chibwerere matipate mu 1994 sanapiteko kumsewu kukachita zionetsero. Ndikunena abulu, abale.

Imani m'mamawa pa msewu wochokera ku Mitundu, kapena wa ku Likuni, muone ngolo zikulowa m'tauni zitasenza chimanga, kabichi, mbatata, nkhuni ndi makala. Zungulirani ku Mtandire, kuseri kwa mipanda ya ku Area 47, mukumana ndi ngolo za mchenga ndi njerwa zikupita kukamanga nyumba za anthu a ndalama. Zambiri zimakokedwa ndi ng'ombe, inde, koma za abulu nazo zilipo. Nthawi imene mafuta anasowa, ngati muja zinalili mu 2011 ndi 2012, kenaka mu 2022, malole ankagona pa mzere podikira dizilo. Bulu sanaime pa mzere uliwonse. Inu a pamsika mukudziwa bwino kuti katundu wina amene munagulitsa masiku amenewo anafika pa benchi panu chifukwa cha iyeyu.

Tsono ndifunse: munayamba mwasuzumirapo pakhosi pake?

Tifika kumeneko. Poyamba ndiloleni ndikutengeni kunja, mukaone m'mene anzathu amasamalira chiweto chimene chikuyenda ulendo wautali. Nkhani yake ndi ya mahatchi, koma musafulumire kunena kuti sizikutikhudza. Hatchi ndi bulu ndi pachibale.

Mpikisano woti woyamba kufika akhoza kuluza

M'maiko ena muli masewera otchedwa endurance riding. Si mjaho wa mphindi ziwiri uja timaonera pa kanema ayi. Uwu ndi mpikisano wa mtunda wautali, munthu ali pamsana pa hatchi kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Wotchuka kwambiri ndi Tevis Cup wa ku California, m'dziko la America, umene unayamba mu 1955. Mkulu wina dzina lake Wendell Robie ankafuna kuonetsa kuti hatchi za masiku ake zikhoza kuyendabe mamailosi 100 tsiku limodzi ngati za makolo. Mamailosi 100 ndi makilomita 160, ndipo njira yake ndi ya m'mapiri a Sierra Nevada, yoyenera kuimaliza pasanathe maola 24. Pa okwera onse amene amanyamuka, omaliza amakhala pafupifupi theka basi.

Pafupi ndi kwathu kuno, ku South Africa, kuli katauni kotchedwa Fauresmith m'chigawo cha Free State. Kumeneko, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, m'mwezi wa July amachita mpikisano wa makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu. Hatchi zimene zimachita bwino pa maulendo otere ndi za mtundu wa Chiarabu, zazing'ono thupi koma zopirira.

Chimene chinandigwira mtima pa masewerawa si liwiro, koma lamulo lake. Njira yonse amaidula m'zigawo za makilomita 20 mpaka 40. Pakutha pa chigawo chilichonse pali dokotala wa ziweto, a vetenale, ataima ngati wapolisi pa lodibuloko. Simudutsa asanakuoneni. Choyamba amamvera mtima wa hatchi. Ukamagunda kupitirira ka 64 pa mphindi, ndiye kuti hatchi sinapume mokwanira, ndipo ukakanika kutsika pa nthawi imene anaika, mpikisano wanu wathera pompo. Akatero amatsegula milomo kuona nkhama, amamvera m'mimba ngati matumbo akugwira ntchito, amasisita pamsana kufuna zilonda, kenaka amati ithamangitseni pang'ono tione ngati ikutsimphina. Zonse zikakhala bwino, hatchi imapatsidwabe nthawi yokakamiza yoti idye ndi kumwa isanapitirize.

Ngakhale pomaliza penipeni dokotala aliponso. Mukhoza kufika woyamba, anthu n'kuomba m'manja, koma hatchi ikapezeka ikutsimphina, chikho chimapita kwa wina. Ku Tevis kuli chikho chinanso, Haggin Cup, chimene amapereka m'mawa mwake kwa hatchi imene yadzuka ndi thupi labwino koposa mwa khumi zoyamba kufika. Tangoganizani eti: mphotho ya kufika chiweto chili bwino.

Akale ndi atsopano

Pakati pa eni mahatchi pali mkangano ngati womwe timaumva m'midzi mwathu pakati pa agogo ndi alangizi. Akale amati hatchi imadziwika ndi maso ndi dzanja la mwini wake. Amaloza Abasotho a ku Lesotho, amene ena mwa azigogo athu anagwira nawo ntchito m'migodi ya ku Joni: tihatchi tawo timakwera mapiri a miyala, tambiri topanda zitsulo kuziboda, tikudya udzu wa m'tchire. Atsopano nawo amabwera ndi lamba womangirira pachifuwa wowerenga kugunda kwa mtima, mchere wapadera wothira m'kamwa ndi sirinji, ndi nsapato za pulasitiki zovula ndi kuvala.

Pena atsopano anapambana poyera. Kwa zaka zambiri akale ankaphunzitsa kuti hatchi yotuluka thukuta usaipatse madzi akumwa, usaithirenso madzi ozizira, ati idwala. Pokonzekera masewera a Olympic a mu 1996 ku Atlanta, mzinda wotentha kwabasi, akatswiri anafufuza nkhaniyi ndipo anapeza kuti kuthira madzi ozizira ambiri ndiko kumapulumutsa hatchi yotenthedwa. Pa ntchito yolimba kukutentha, hatchi imataya malita 10 mpaka 15 a thukuta pa ola limodzi. Ndowa yonse! Ndiye muimane madzi?

Koma pena zamakono zinasanduka nkhanza. Ku United Arab Emirates, kumene ndalama si vuto, mpikisanowu unasanduka mjaho wa liwiro m'chipululu, magalimoto akuthamanga m'mbali. Hatchi zinayamba kuthyoka miyendo ndi kufa, ndipo zina zinkapezeka ndi mankhwala oletsedwa obisa ululu. Mu March 2015 bungwe loyang'anira masewera a mahatchi pa dziko lonse, FEI, linaimitsa dzikolo kwa miyezi ingapo. Jakisoni yemweyo amene amachiza, m'manja mwa munthu wadyera amangotseka chiweto pakamwa kuti chithamange mpaka fupa liduke.

Goli la ng'ombe pakhosi pa bulu

Tibwerere kwathu. Mahatchi m'Malawi muno ndi owerengeka. Alendo akhala akukwera pa phiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay, ndipo kale ankakweranso ku Nyika. Kusowa kwake kuli ndi zifukwa: kashembe, komanso matenda ena ofala ndi tizilombo touluka usiku, otchedwa African horse sickness, amene amatha kupha mahatchi 9 mwa 10 ogwidwa. Bulu amawapirira matendawa. N'chifukwa chake mpikisano wathu wa mtunda wautali amathamanga ndi bulu, tsiku ndi tsiku, popanda chikho, popanda dokotala panjira. Kuchokera ku Mitundu kufika ku Old Town n'kubwereranso ndi makilomita oposa 60. Hatchi ya ku Fauresmith imayenda mtunda wonga womwewo pa tsiku, koma pa mpikisanowo ndi kwa masiku atatu okha, itanyamula munthu mmodzi.

Ndakhala ndikusuzumira pakhosi pa abulu amene amaima m'mbali mwa misika yathu, ndipo chimene ndaona n'chimodzimodzi: ubweya unasosoka, khungu linalimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo ambiri ali ndi chilonda chofiira chimene ntchentche zapangapo msonkhano. Gwero lake si chinsinsi. Ngolo zathu zinapangidwira ng'ombe. Zili ndi mtengo umodzi pakati, ndipo kutsogolo kwake kumamangidwa goli. Munthu akagula abulu, amangochotsa ng'ombe n'kulowetsa abulu m'goli lomwelo.

Apa ndiye pagona vuto. Ng'ombe yathu ili ndi linunda ndi khosi lalifupi lonenepa. Goli limatsamira pa linunda, ng'ombe n'kumakankha bwinobwino. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, lopyapyala, ndipo mphamvu zake zili pachifuwa ndi m'mapewa. Mukamuika goli, mtengo umakhala pa fupa, ukukhuza sitepe iliyonse. Pa chitunda goli limatsetserekera kumbuyo, chingwe cha kunsi n'kumamukanyanga pakhosi, mpweya osadutsa bwino. Pa chitsetse ngolo imamukankha, goli n'kuthamangira kumakutu. Woyendetsa akaona bulu akuzengereza amati wayamba mwano, chikwapu chija phwa! Chikhalirecho mnzakeyo akubanika.

Tiyerekeze chonchi. Inu amayi amene mumasenza dengu la tomato pamutu ndi nkhata, wina atakuuzani kuti kuyambira lero muzilikoka ndi chingwe cha pakhosi, mungafike nalo pa Lizulu?

Oyendetsa ngolo ali ndi yankho lawo, ndipo sindikuwanyoza. Amati makolo ankatero, goli amasema okha ndi mtengo wa kumunda, pamene malamba amafuna ndalama ndi munthu wodziwa kusoka. Amatinso bulu ndi wolimba, samva kuwawa. Pa mfundo yomalizayi pokha ndikana. Bulu amamva kuwawa ngati chiweto china chilichonse, kungoti amabisa. Hatchi ikamva m'mimba imadzigwetsa, kugubuduzika, aliyense n'kudziwa. Bulu amangoima duu, mutu pansi, makutu ali lende. Madokotala a ziweto amaphunzitsa kuti bulu akasiya kudya, ngakhale kwa tsiku limodzi, ndi ngozi yofuna thandizo msanga. Ife timati wakhuta.

Oyilo, phulusa ndi jakisoni wa pamsika

Chilonda chikatuluka, mankhwala odziwika m'njira zonsezi ndi oyilo wakuda wotsala m'injini. Ena amathira phulusa, ena dothi. Ndikumvetsa chifukwa chake. Oyilo amathamangitsa ntchentche kwa kanthawi, amapezeka ulele pa galaja iliyonse, ndipo chilonda chikada sichionekanso moopsa. Komatu oyilo wogwira kale ntchito ali ndi zitsulo ndi zinyalala za m'injini zimene zimaotcha mnofu umene ukufuna kumera. Pamwamba pamaoneka pouma, pansi mafinya akusonkhana. Dothi ndiye loopsa zedi, chifukwa m'dothi ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata, matenda amene abulu ndi mahatchi sachedwa kufa nawo.

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo choyenera n'chotsika mtengo kuposa m'mene anthu amaganizira. Madzi owiritsa n'kuziziritsa, theka la lita, supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa pakhomo. Kutsuka kawiri pa tsiku ndi kansalu koyera. Koposa zonse, kuchotsa chimene chikukhuzacho mpaka papole. Kutsuka chilonda madzulo n'kubwezeretsa goli lomwelo m'mawa ndi kuthira madzi m'dengu.

Ndiye pali ena amene amadziona ngati otsogola. Awa anasiya oyilo, amagula botolo la jakisoni, n'kubaya okha mongoyerekeza, osadziwa kulemera kwa bulu, osadziwa ngati mankhwalawo ndi a ng'ombe kapena a nkhumba. Kwa ine awa sasiyana ndi mabwana a m'chipululu aja. Chizungu cha botolo chopanda woyeza si chitukuko.

Zimene akale anadziwa

Musandimve molakwa, si zonse za makolo zoti titaye. Woyendetsa ngolo wakale amanyamuka tambala woyamba kuti dzuwa la October limupeze atafika. Amadziwa bulu wake aliyense ndi dzina ndi khalidwe, amadziwa uti amakonda kumanja, uti amaopa mlatho. Salekanitsa abulu ozolowerana, ndipo apa sayansi ikumuvomereza: bulu akasiyanitsidwa ndi mnzake amatha kusiya kudya mpaka kudwala. Madzulo amamupatsa madeya ndi mapesi, n'kumulola agubuduzike pa fumbi. Munthu wotere safuna lamba wa magetsi kuti adziwe kuti chiweto chatopa. Amene ndimawaopa ndi anyamata aganyu, olipidwa pa ulendo, amene bulu si wawo ndipo akufuna maulendo anayi dzuwa lisanalowe.

Chimene ndingakonde kuti tibwereke kwa a mipikisano ndi lodibuloko ija. Sifuna ndalama. Mukafika pamsika, masulani abulu. Gwirani ndi zala ziwiri kunsi kwa nsagwada, pamene pamadutsa mtsempha, muwerenge kugunda kwake kwa masekondi 15 pa wotchi ya foni yanu, muchulukitse kanayi. Bulu wamkulu wopuma bwino amagunda mozungulira ka 44 pa mphindi. Ngati papita theka la ola ali pamthunzi koma mtima ukadali pamwamba pa 60, ameneyo sali woyenera kubwerera ndi katundu wina. Tukulani mlomo wa m'mwamba: nkhama zikhale zonyowa, zofiirira pang'ono, ndipo mukadina ndi chala mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri. Zikakhala zouma kapena zotuwa, pali vuto. Myendetseni masitepe angapo opanda ngolo muone ngati akutsimphina, mutukule ziboda muchotse miyala ndi misomali. Zonsezi sizitha mphindi zisanu.

Za madzi, chikhulupiriro chija chakuti chiweto chotuluka thukuta chisamwe ndachimvaponso kwa oyendetsa ngolo athu. Mpatseni amwe. Zoona, bulu amapirira ludzu kuposa ng'ombe, koma kupirira si kusafuna. Ndi waukhondo modabwitsa: madzi a m'ngalande za pamsika, osakanikirana ndi sopo ndi mafuta, amangowanunkhiza n'kutembenuka, ife n'kumati alibe ludzu. Ndipo poti tanena za pamsika, majumbo! Bulu wanjala akamatola makoko a nthochi pa dzala amamezera kumodzi ndi mapepala a pulasitiki, amene amakatseka matumbo. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma amene amayenda m'misika akudziwa zimene maso ake amaona pa dzala.

Dokotala ali kuti?

Funso limene aliyense angafunse ndi lakuti a vetenale amene ndikuwatamawo ali kuti. Akuluakulu amakumbukira masiku a dibi, pamene mlangizi wa ziweto ankadziwika m'mudzi monse. Madibi ambiri anaphwa m'zaka za m'ma 1990. Kwa nthawi yaitali dziko lino linalibe sukulu yake yophunzitsa madokotala a ziweto. Ofuna ntchitoyi ankapita kunja. Tsopano iliko ku LUANAR, yunivesite ya za ulimi ya ku Bunda, ndipo oyamba kumaliza anatuluka mu 2019. Bunda imeneyi ili pa msewu womwewo wa ku Mitundu umene abulu amadutsa m'mamawa uliwonse.

Muno mu Lilongwe mulinso bungwe la LSPCA, loona za chisamaliro cha zinyama, limene linayamba mu 2008. Ambiri amaliganizira kuti ndi la agalu a azungu a ku Area 10 ndi Area 43. Komatu lagwirapo ntchito ndi eni abulu m'midzi yozungulira mzinda uno, kuchiza zilonda ndi kuphunzitsa za malamba olowa m'malo mwa goli. Lamulo loletsa nkhanza kwa ziweto nalo lilipo m'mabuku a dziko lino, Protection of Animals Act. Ineyo sindikupempha kuti apolisi ayambe kumanga alimi osauka. Ndikupempha kuti a Unduna wa Zamalimidwe ku Capital Hill, pamene akuwerenga ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, akumbukirenso chiweto chimene sitidya koma chimatidyetsa. Atsogoleri a maiko a mu Africa anachikumbukira mu February 2024 ku Addis Ababa, pamene anagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa zimene zinkapita ku China. Ngati bulu anafika pa tebulo la mapulezidenti, sangalephere kufika pa tebulo la mlangizi wa ku Mitundu.

Mbali yanu, a pamsika

Tsopano ndiyankhule ndi inu eni nyuzi ino. Amene amadzaza ngolo mpaka matayala kuphwa nthawi zambiri si mwini bulu. Ndi inu ndi ine, pofuna kulipira ulendo umodzi m'malo mwa iwiri. Timati onjezani kathumba kamodzi aka, achimwene, sikalemera. Bulu wa kuno thupi lake silifika ngakhale theka la ng'ombe yokoka, koma timamusenzetsa muyezo wa ng'ombe. Akagwa pa chitunda, tomato amene akuphwanyikayo ndi wanu, ndipo mawa mwini ngolo akweza mtengo chifukwa watsala ndi bulu mmodzi. Bulu wosamalidwa amatha kukhala zaka 30 ndi kupitirira. Wa goli ndi chikwapu safikako.

Kapakiridwe nako n'kofunika. Matumba olemera azikhala pamwamba penipeni pa ekiselo, osati kutsogolo. Poyesa, mwamuna mmodzi azitha kutukula mtengo wa ngolo yodzaza popanda kubuula. Ngati akufunika awiri, dziwani kuti kulemera konseko kukagona pakhosi pa abulu ulendo wonse. Ndipo ndowa imodzi ya madzi oyera kuseri kwa benchi sinasaukitsepo munthu.

Kwa amene mukusaka bizinesi, nayi. Lamba wa bulu si chinthu chochokera ku Ulaya. Ndi lamba wotambalala ngati chikhatho, wodutsa pachifuwa kunsi kwa khosi, wina wodutsa pamsana pa kapilo kofewa kuti anyamule kulemera kwa mtengo wa ngolo, ndi wina wa kumatako woti bulu azigwira naye ngolo pa chitsetse. Amasokeka ndi tenti yakale, malamba a m'galimoto zakufa kapena paipi ya nsalu ya ozimitsa moto, mkati mwake n'kuikamo bulangete kapena chikopa cha nkhosa. Chingwe cha nayiloni, waya ndi mphira wa tayala wosakutira zisakhudze khungu, chifukwa zimacheka ngati goli lomwe lija. Kumbuyo kwa bulu aliyense kumafunika kamtengo kopingasa kolendewera pakati, kokokerako malamba, kuti mapewa akamasinthana lamba asamakhuze. Osoka nsapato ndi matenti a mu Malangalanga makina ali nawo kale, ndipo owotcherera zitsulo a ku Mchesi ndi ku Biwi kuika ngowe ziwiri pa ngolo ndi ntchito ya m'mawa umodzi.